Madzi a Utoto Wanga

Kwa zaka zambiri ntchito yanga inali yonyika nsalu mu utoto. Ndinkagula bafuta ku Limbe, kumumanga mfundomfundo ndi ulusi, kenako n'kumuviika m'migolo itatu imene inali kuseri kwa nyumba yathu ku Soche. Amayi a kutchalitchi, a m'makwaya, ngakhale ena ogwira ntchito m'maofesi m'tauni ankavala nsalu zanga. Nyumba yathu inali pamtunda, ndipo madzi otsala ndinkangowakhuthulira m'ngalande. Ngalandeyo inkatsika m'mbali mwa mpanda, n'kudutsa pakhomo pa anzathu a kumunsi, n'kumapita kumtsinje. Tsiku lina inkayenda yofiira, tsiku lina yakuda bii. Ine ndikakhuthula ndinkatembenuka n'kukapitiriza ntchito.

Amuna anga kwawo kunali ku Nsanje, ndipo ankagwira ntchito yaukalaliki m'tauni. Achemwali awo atamwalira, anabwera kuchokera kumaliro ali ndi mwana wa malemuwo, mtsikana wamtali, woonda, atanyamula chikwama chimodzi. Sanandifunse. Anangoti, "Uyu azikhala nafe." Mtsikanayo anagwada pakhomo n'kundipatsa moni kuti azakhali. Chichewa chake chinkamveka Chisena, ndipo mwana wanga wamkazi, amene anali wa msinkhu womwewo, anaseka.

Patapita chaka, mtsikana uja anasankhidwa kupita kukoleji ku Chichiri. Chaka chomwecho mwana wanga analephera mayeso a Fomu 4 kachiwiri. Mtsikana uja ndinangomuwonjezera ntchito. Asanapite kukakwera minibasi ankayenera kusesa, kukolopa, ndi kutsukuluza nsalu zimene ndanyika dzulo lake. Magolovesi analipo awiriawiri, anga ndi a mwana wanga. Iye ankatsukuluza ndi manja, ndipo kukoleji ankapita zikhadabo zili zofiirira ngati wasenda mabulosi. Sanadandaulepo.

Ali m'chaka chake chomaliza, ndinamupeza tsiku lina atanyonyomala pangalande, pamalo pamene madzi ankaima asanatuluke kumpanda. Anali ndi supuni ndi kabotolo ka jamu, akutapa matope akuda onunkha.

"Iwe, ukutani apo ndi supuni yanga?"

"Pepani azakhali, ndiitsuka. Taonani apa. Madzi anu akafika pano n'kuima masiku angapo, mtundu umazilala. M'matope muno muli tizilombo tating'ono tosaoneka ndi maso, timati mabakiteriya. Tazolowera utoto wanu mpaka tayamba kuudya. Ndikufuna nditiwete, ndione ngati tingathe kuyeretsa madzi onse."

"Ndiye kukolejiko amakuphunzitsani kutola zonyansa?"

"Ndi kafukufuku wanga wa chaka chomaliza, azakhali. Popanda ameneyu sindingamalize."

Ndinamulanda supuniyo n'kuitaya kudzala, kuti aone.

Matope aja anawatengabe. Miyezi ingapo zinthu zakezo anali nazo kukoleji konko, ndipo ine ndinaiwala. Koma tchuthi chitafika anabwera nazo kunyumba, poti zinkafuna kuziyang'anira tsiku ndi tsiku. Anali mabotolo khumi ndi awiri, otsekedwa ndi thonje pakamwa, lililonse lili ndi kapepala kolembedwa. Amuna anga anamukhomera thabwa m'kachipinda kosungiramo makala kuseri kwa khitchini, chifukwa munkafunda. M'mawa uliwonse ankatunga madzi m'migolo yanga, kuwathira m'mabotolo, kuwonjezera kashuga pang'ono kuti tizilomboto tipeze mphamvu, kenako n'kulemba m'kope lachikuto cholimba. Kopelo sankasiyana nalo. Zonse zimene anaona kuyambira tsiku la supuni lija zinali mmenemo.

Za shugayo ndinamuuza kuti m'nyumba mwanga shuga ndi wa anthu. Anayankha kuti, "Chabwino azakhali," ndipo kuyambira tsiku limenelo ankamwa tiyi wopanda shuga, gawo lakelo n'kumakathira m'mabotolo. Ndinkamuona akumeza tiyi wowawayo ndipo ndinkamusiya.

Ndisaname, zimene zinkachitika m'mabotolomo zinandidabwitsa. Akachoka ndinkalowa mwakachetechete kukasuzumira. Botolo limene Lolemba linali lofiira ngati magazi, Lachitatu linkaoneka ngati tiyi wosalowerera, pofika Lachisanu n'kukhala mbee, matope atakhazikika pansi. Utoto wofiira umenewo ndinkaudziwa bwino. Sunkachoka pansalu, sunkachoka pasimenti, m'zikhadabo unkakhala mwezi. Koma apa unali utapita, popanda sopo, popanda moto. Ndinkaima m'kachipindamo mtima ukundiwawa, osadziwa kuti ukuwawiranji.

Amuna anga ndiye anali osagwirika. Mlendo aliyense wobwera pakhomo ankamutengera kuseri kukaona mabotolo. Lamulungu lina anabwera ndi akulu ampingo awiri. Mmodzi ananyamula botolo loyera n'kuliyang'ana padzuwa.

"Koma abale! Awa ndi madzi akumwa enieni awa."

"Ayi bambo, musayerekeze," anatero mtsikanayo mofulumira. "Mtundu wokha ndi umene wachoka. Tizilomboti tikaphwanya utoto timasiya zinthu zina zoopsa kuposa utotowo, kungoti sizioneka. Pamafunika tizilombo tina tokonda mpweya kuti timalizitse. Kumeneko sindinafike. Madziwa samwedwa ngakhale pang'ono."

Ine ndinali pakhomo la khitchini ndipo ndinamva mawu onse. Mwana wanga anali pambali panga atanyamula thireyi ya makapu, palibe amene ankamuyang'ana. Amuna anga anasisita mtsikana uja paphewa n'kunena kuti, "Mutu uwu ndi wa mayi ake." Mwana wanga anaika thireyi patebulo n'kukadzitsekera kuchipinda.

Tsopano za anzathu a kumunsi. Linali banja laling'ono, mwamuna woyendetsa lole amene sankakhalitsa pakhomo, mkazi wake, ndi kamwana kakakazi ka zaka zitatu. Mayiwo anali atandidandaulirapo kawiri za madzi anga, mwaulemu, ndipo kawiri konse ndinawauza kuti ngalande si yanga, ndinaipeza. Mwezi umenewo ndinali nditalandira ntchito yaikulu ya kwaya ina, nsalu zambiri zakuda. Kuti utoto ulowerere msanga ndinkathira kositiki wambiri, mankhwala aja owotcha amene timasakaniza ndi utoto, ndipo madziwo ndinkawataya akadali otentha kuti mgolo upeze malo.

Loweruka lina m'mawa, amuna anga atapita kumsonkhano kutchalitchi, ndinamva phokoso pageti. Anali mayi a kumunsi aja atabereka mwana, pambuyo pawo amayi ena asanu kapena asanu ndi mmodzi a m'dera lathu. Sanadikire kuti ndiwalandire. Anamasula mwanayo n'kumuimika patsogolo panga.

"Taonani, mayi. Muone bwinobwino."

Miyendo ya mwanayo kuyambira m'mapazi mpaka m'maondo inali yosupuka, khungu litachoka m'malo ena, pofiira pakuoneka. Zala za kumanja nazonso zinali ndi matuza. Sankalira, ankangonjenjemera.

"Anakasewera m'ngalande ine ndili kuchapa. Ndakuuzani kangati? Lolemba ndikupita kwa a zaumoyo, abwere adzaone migolo yanuyi."

Amayi ena aja anavomereza. Ena mwa iwo anali ovala nsalu zanga zomwe. Ndinaganiza za migolo yanga, nsalu za kwaya zili pachingwe, ndipo ndinadziwa kuti a zaumoyo akangolowa pano ntchito yanga yatha. Ndinadziwanso bwino lomwe chimene chinawotcha mwanayo. Mabala a kositiki ndinali nawo pamkono panga.

Mawu anatuluka mosavuta, ngati ndinawakonzeratu.

"Amayi, ine ndanyika nsalu pano zaka zingati? Mwana anayamba wasupukapo? Bwanji zayamba mwezi uno? Musandifunse ine. Funsani chimene chalowa m'nyumba muno mwezi uno."

Kenako wina anafunsa kuti chalowa n'chiyani.

"Bwerani mudzaone nokha. Ine ndatopa n'kubisa."

Ndinawatsogolera kuseri n'kutsegula kachipinda ka makala. Fungo la mazira owola linatuluka, amayi n'kutseka mphuno ndi nsalu. Mabotolo anali pamzere pathabwa paja, ena ofiira, ena akuda, ena oyera, onse ali ndi thonje pakamwa. Mtsikana uja anabwera akuthamanga kuchokera kumpopi, manja ali ndi thovu.

"Amayi, chonde musagwedeze, muli tizilombo."

"Mwamva?" anakuwa mayi wina wonenepa amene ankagulitsa mandasi pamsewu. "Wavomera yekha! Akuweta tizilombo!"

"Si tizilombo ta matenda, mayi. Ndi tothandiza. Ndinatitenga m'ngalande momwemo."

"Unatitenga m'ngalande, kapena umatithira m'ngalande?"

Anayesa kufotokoza. Anayamba ndi matope, n'kufika pa shuga, n'kubwereranso pa utoto. Akamafotokoza m'pamene zinkaipiraipira. Atapanikizika lilime linathawira ku Chisena, ndipo wina kumbuyo anati, "Anthu a kuchigwa timawadziwa." Amuna anga omwe anali a kuchigwa konko, koma sindinatsutse. Mtsikanayo anagwada pafupi ndi mwana uja, n'kuyang'ana miyendoyo, n'kunena kuti, "Awa ndi mabala a kositiki. Mutsukeni ndi madzi ambiri, mupite naye kuchipatala." Mayi a mwanayo anamukankha kuti asamukhudze.

"Ngati zinthu zakozi zilibe vuto, imwa," anatero mayi wa mandasi. "Si awa madzi oyera? Imwa tione."

"Samwedwa, mayi."

"Ehe! Samwedwa chifukwa chiyani?"

"Mtundu wachoka koma poizoni akadalimo."

"Poizoni! Mwamva nokha, amayi!"

Pamenepo ndikanatha kulankhula. Anthu anali ataiwala kale za migolo yanga, zimene ndinkafuna zinali zitatheka. Koma ndinalowa m'khitchini n'kutenga kapu yachitsulo. Ndinasankha botolo loyera kuposa onse, ndinazula thonje, n'kuthira mpaka kudzaza.

"Imwa," ndinatero. "Usawachititse manyazi amalume ako."

Anandiyang'ana akadali chigwadire. Analankhula motsitsa, kuti ndimve ndekha.

"Azakhali, inu munalipo tsiku lija. Munamva."

"Ine sindinamve kanthu. Imwa."

Analandira kapuyo ndi manja awiri, monga ankalandirira chilichonse kwa ine. Anamwa mpaka theka. Kenako anatsamwa, kapu n'kugwa, ndipo anakwawira pansi pa mtengo wa gwafa n'kuyamba kusanza. Amayi aja anabwerera m'mbuyo akukuwa kuti mwaona, mwaona. Palibe amene anamupatsa madzi. Mwana wanga anali pawindo la kuchipinda, akuonerera.

Atasiya kusanza amayi aja anamulamula kuti ataye zonse ndi manja ake. Ananyamula mabotolo aja limodzilimodzi kukawakhuthulira m'chimbudzi chokumba cha kuseri, poti amayiwo anakana kuti zipite m'ngalande. Botolo likatha mayi wa mandasi ankaliphwanya pamwala. Pa botolo lomaliza mtsikanayo anaima pang'ono, atalikumbatira pamimba.

"Limodzi lokha, amayi. Ndilitengera kukoleji lero lomwe, simudzalionanso."

Onse anayang'ana kwa ine, poti ndinali mwini khomo.

"Taya," ndinatero.

Anthu atabalalika, iye anakakhala pansi kuseri kwa khitchini atatsamira khoma, maso ali otseka. Ine ndinalowa m'kachipinda kaja kuti ndichotse thabwa, ndipo ndinapeza kope lija. Ndinalitsegula. Chingerezi changa n'chochepa koma ndinamvako. Patsamba lina anali atajambula bwalo lathu, migolo itatu, ngalande, ndi muvi wolozera kunyumba ya kumunsi. M'munsi mwake analemba tsiku lililonse limene ndinataya madzi otentha ndi mphamvu ya kositiki amene anapezamo. Patsamba lotsatira anajambula maenje awiri, lina lotseka lina lotsegula, olumikizidwa ndi paipi, ndipo pamwamba analemba m'Chichewa kuti, "Za azakhali." Ndiye kuti ankafuna kudzandikonzera poyeretsera madzi.

Ndinaliwerenga tsambalo kawiri. Kenako ndinatuluka nalo, n'kuliponya mumgolo wa utoto wakuda, n'kulikankhira pansi ndi mtengo wotakasira.

Anamva kuti chubwi ndipo anatsegula maso. Sindinamuonepo akuthamanga choncho. Anapisa mikono yonse mumgolomo mpaka m'zigongono, m'madzi a kositiki, n'kulivuula. Masamba anali atamatana, akuda bii. Poyesa kutsegula ankangonyenyeka m'manja. Aka kanali koyamba kumumva akulira chibwerere m'nyumba mwanga. Pamaliro a mayi ake sindinapite.

"Ukasiya kulirako usese magalasi awo," ndinamuuza. "Wina angapondepo."

Anasesa.

Amuna anga anafika masana. Ndinawachingamira pageti kuti ayambe kumva kwa ine. Ndinawauza kuti anthu anabwera mwaukali, akufuna kutentha nyumba, ndipo ine ndinachita zimene ndikanatha kuti ndipulumutse mtsikanayo. Anapita kuseri n'kumupeza atagona pamphasa, mikono itatupa. Anamufunsa chimene chachitika.

"Ndinamwa, amalume."

"Anakupatsa ndani?"

Mtsikanayo anatembenukira kukhoma. Amuna anga anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapita kukafuna galimoto n'kumutengera kuchipatala. Anakhalako masiku awiri. Atabwerako, amuna anga anatiitanitsa tonse pabalaza n'kunena kuti nkhaniyi ithere pomwepo, tili ndi anthu oyandikana nawo ndiponso iwo ndi mkulu wampingo. Za kope sanafunse. Kuyambira pamenepo anasiya kutengera alendo kuseri, ndipo ine ankandilankhula zofunika zokhazokha.

Sabata yotsatira ndinaitana anthu awiri kudzakumba dzenje lakuya pakona ya mpanda. Oyandikana nawo ndinawauza kuti ndi la zinyalala. Madzi onse a utoto ndinayamba kuthira mmenemo, ndipo m'ngalande munauma. Mwana wa kumunsi anapola. A zaumoyo sanabwere. Dera lonse linaona kuti mabotolo atangophwanyidwa mwana anachira, ndipo panalibenso wokayika. Mayi ake anabwera ndi mbale ya tomato kudzandithokoza.

"Mukanapanda kulimba mtima inu, mayi, bwenzi titaika maliro. Si onse angaulule za m'nyumba mwawo."

Ndinalandira tomatoyo.

Mtsikana uja sakanathanso kuyenda m'dera lathu. Akamapita kokwerera minibasi ana ankamutsatira akuimba za tizilombo, ndipo amayi ankakokera ana awo m'nyumba. Pagolosale anakana kulandira chilichonse kuchokera m'manja mwake. Koleji itatsegulidwa analongedza chikwama chake chija n'kusamukira ku Naperi, kwa makolo a mnzake wa m'kalasi. Potsanzika anagwada pakhomo la khitchini.

"Ndapita, azakhali. Zikomo pondisunga."

Ndinali kumanga mfundo pansalu ndipo sindinadzutse mutu. Ndinangoti, "Usiye kiyi."

Chaka chimenecho sanamalize. Analibe tizilombo, analibe zolemba, ndipo nthawi inali itatha. Anzake anavala mikanjo yolandirira madigiri iye akuyambiranso. Ndinamva kwa amuna anga kuti anakatapa matope kwina, kumtsinje wa kufupi ndi mafakitale, ndipo zinamutengera miyezi kuti apeze tizilombo todya utoto ngati toyamba tija. Mikono yake inatsala ndi zipsera zoyererako kuyambira m'manja mpaka m'zigongono, moti ankavala malaya a manja aatali ngakhale mu Okutobala.

Chaka chotsatira kalata yotiitana kumwambo wolandira madigiri inabwera. Malo anali a anthu awiri, ndipo iye analemba amalume ake ndi ine. Amuna anga anaiika patebulo n'kunena kuti, "Ngati simukufuna kupita ndimuuza kuti mwadwala."

"Ndipita," ndinatero. "Ndinamulera ndine."

Ndinanyika nsalu yapadera, yofiira ndi yagolide, n'kukasoketsa kwa telala ku Limbe pamodzi ndi duku lake. Atamuitana kutsogolo ndinaimirira n'kululutira kuposa mayi wina aliyense m'holomo, mpaka anthu anatembenuka. Panja wojambula anatiimika atatu. Iye anali pakati, amalume ake kumanja, ine kumanzere. Ndinamukoleka dzanja m'khosi ndipo ndinamva thupi lake likuuma gwa, koma sanasunthe. Wojambula atati timwetulire, anamwetulira.

Anapeza ntchito kutali ndi Blantyre. Amuna anga ali moyo ankabwera kamodzi pachaka, kukhala pabalaza ola limodzi, osadya kanthu, osamwa ngakhale madzi. Iwo atamwalira sanapondenso pakhomo pano. Mwana wanga anakwatiwa ku Ndirande, ndipo za Loweruka lija sitinakambiranepo.

Chithunzi chija ndinachiika m'felemu, chili pakhoma pabalaza. Alendo akachiona amafunsa kuti ndi ndani, ndipo ndimawauza kuti ndi mwana wamasiye wa achemwali awo a malemu amuna anga, amene tinamutenga alibe chilichonse.

"Koma munagwira ntchito, mayi," amatero. "Masiku ano ndani angaphunzitse mwana wa wina mpaka digiri?"

Ine ndimati, "Tinayesetsa."